Lilime, fumbi ndi nyimbo yodulidwa pakati: zimene ndaona m'mafilimu a zaka zapitazi

Mayi anga sakonda kanema, ndipo zaka zonse zimene ndakhala ndikuwanyengerera kuti tikhale pansi tionere limodzi filimu, yankho lawo lakhala limodzimodzi, loti wailesi imawakwanira chifukwa munthu amatha kumvetsera uku manja akugwira ntchito. Koma atabwera kudzacheza kwathu kuno ku tauni m'dzinja lapitali, ndinawauza kuti pali filimu ya mnyamata wa ku Kasungu imene anthu ake amalankhula Chichewa, ndipo anavomera. Tinayala mkeka pabalaza, ndinaika kompyuta pa kampando, iwo anakhala ndi lichero la nyemba pamiyendo, ndipo tinayamba kuonera The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola kudzala atalekezera sukulu panjira chifukwa chosowa fizi.

Patangopita mphindi zochepa, mayi anasiya kusankha nyembazo n'kundifunsa kuti, "Kodi mwanangu, bambo akulankhulawa ndi a mtundu wanji?" Ndinawafotokozera kuti ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wobadwira ku London kwa makolo ochokera ku Nigeria, kuti ndi yemweyo amene anatsogolera ntchito yonse yokonza filimuyo, ndiponso kuti Chichewacho anachita kuphunzira chifukwa cha ntchito imeneyi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ayesetsa ndithu, koma lilime lawakana." Nkhani itafika pa njala, pamene anthu akuthamangira galimoto ya chimanga ndi kukankhana pa depoti, mayi anaika lichero pansi ndipo sanalankhulenso mpaka filimu inatha. Tikukonzekera kukagona, anangonena kuti, "Fumbi lakelo ndi lomwe lija." Iwo anaiona ndi maso njala ya 2001 ndi 2002, pamene anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, ndipo kuyambira usiku umenewo mawu awo awiriwo, la lilime ndi la fumbi, ndiwo muyeso umene ndimayesera filimu iliyonse imene ndaonera.

Chimene ndapeza n'chakuti mafilimu a zaka khumi ndi zingapo zapitazi, a masewero ngakhalenso ofotokoza mbiri yeniyeni ya oimba, afika patali kwambiri pa luso lokondweretsa diso, koma ambiri a iwo amapunthwa pa khutu. Kamera zabwino zachuluka, kujambula kuchokera m'mwamba sikulinso kwa anthu olemera okha, ndipo zithunzi zakale zimene zinazimiririka zikutsukidwa n'kumaoneka ngati za dzulo. Koma kumvetsera momwe anthu amalankhulira, momwe amalirira, momwe amakhalira chete, ndiponso kulola nyimbo kuti ifike kumapeto kwake munthu asanailowerere, zimenezi sizigulidwa pamodzi ndi kamera.

Filimu ya Kamkwamba ili ndi mphamvu zimene sindingazichepetse. Anaijambulira ku Malawi konkuno, m'dera lomwe nkhaniyo inachitikira, ndipo wojambula wake, Dick Pope, anagwira bwino mtundu wa dothi lathu ndi kuwala kwa dzuwa la mwezi wa Okutobala, kumene kumayeretsa thambo mpaka maso kuwawa. Nkhaniyo inagawidwa motsata nyengo za mlimi, kuyambira kufesa mpaka kukolola, kenaka njala, kenaka mphepo, ndipo njalayo sinagwe ngati tsoka lochokera kumwamba lokha. Tikuona anthu akugulitsa mitengo yawo kwa ofuna nkhuni zochizira fodya, tikuona madzi akukokolola minda, tikuona mfumu ikumenyedwa chifukwa chonena zoona pa msonkhano wa ndale, ndipo tikuona banja likukambirana kuti chakudya cha kamodzi pa tsikucho chidzikhala cha nthawi yanji. Chithunzi cha bambo akulima dothi louma gwa, osati chifukwa akuyembekezera kanthu koma chifukwa sakudziwa chinanso chimene mwamuna angachite, ndi chimodzi mwa zithunzi zoona kwambiri za umphawi zimene ndinazionapo pa kanema. Paja akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Ejiofor akanatha kuchita nkhani yonseyi m'Chingerezi, koma anasankha njira yovuta, mwakuti dziko la Britain linatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar m'gulu la mafilimu a zilankhulo zina.

Komabe lilime lija ndi vuto lenileni, ndipo si nkhani yonyoza munthu amene wayesetsa. Maxwell Simba, amene anasewera ngati William, ndi wa ku Kenya, ndipo Aïssa Maïga, amene anasewera ngati mayi ake, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Onsewa ndi aluso, nkhope zawo zimanena zambiri, koma Chichewa chili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu kamene sikalembedwa papepala, moti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika amalembedwa mofanana koma khutu limawasiyanitsa. Munthu akaloweza ziganizo popanda nyimbo ya m'kati mwa chilankhulocho, mawu amatuluka onse koma moyo wake umatsalira. Lily Banda, Mmalawi amene anasewera ngati mchemwali wake wa William, akangotsegula pakamwa, m'nyumbamo mumakhala ngati mwalowa mpweya, ndipo m'pamene munthu amazindikira chimene chakhala chikusowa. Woonera wa ku London kapena ku New York, amene akuwerenga mawu omasulira m'munsi mwa chithunzi, sangamve kusiyana kumeneku, ndipo izi zikuonetsa amene filimuyi inakonzedwera poyamba. N'zopweteka kuti eni chilankhulo ndiwo nthawi zina amafunika kuyang'ana pa Chingerezi cha m'munsicho kuti amve zimene zanenedwa m'Chichewa.

Chofooka chachiwiri chili kumapeto. M'filimuyi makina a William akupopa madzi pa chitsime, madziwo akuyenderera m'munda nthawi ya chilimwe, mbewu zikumera, ndipo mudzi ukupulumuka. M'moyo weniweni makina oyamba aja anayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake, ndipo za madzi zinabwera patapita zaka, dziko litamva kale za iye, makamaka atalankhula pa msonkhano wa TED, wa anthu a nzeru zatsopano, ku Arusha ku Tanzania mu 2007. Ndikumvetsa chifukwa chimene anasinthira, pakuti madzi oyenda m'mizere amagwira mtima kuposa babu limodzi loyaka. Koma kusinthaku kukupereka chithunzi choti njala imene inadza chifukwa cha nyengo, mitengo ya chimanga ndi kugulitsidwa kwa chimanga cha m'nkhokwe za boma inathetsedwa ndi nzeru za mwana mmodzi, pamene filimu yomweyo inali itationetsa kale kuti gwero la vutolo linali lalikulu kuposa mudzi.

Filimu ya sewero imene yandikhutiritsa khutu kuposa zonse ndi On Becoming a Guinea Fowl ya Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka amene anakulira ku Wales, ndipo inamupezetsa mphotho ya wotsogolera filimu waluso m'gawo la Un Certain Regard pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France mu 2024. Nkhani yake ikuyamba usiku, pamene mtsikana wotchedwa Shula akuchokera kuphwando n'kupeza mtembo wa malume ake uli gone pamsewu, ndipo zonse zotsatira zikuchitika m'masiku a maliro. Anthu ake amalankhula Chibemba chosakaniza ndi Chingerezi, koma aliyense amene anagonapo pa siwa kuno kwathu adzazindikira chilichonse. Mipando yatulutsidwa, amayi adzaza m'nyumba pa mphasa, azakhali akulowa chokwawa uku akulira mokweza, atsikana ali kukhitchini osapuma, amuna ali panja kudikira chakudya, ndipo pali maso amene akuwerenga kuti ndani walira mokwanira ndipo ndani sanagwetse msozi. Pansi pa phokoso lonselo pali chinsinsi chimene aliyense akuchidziwa, choti malemuyo ankagwirira ana aakazi a m'banjamo, ndipo mphamvu ya filimuyi ili pa momwe ikumvetsera kusiyana kwa kulira kwa mwambo ndi kulira kwa bala.

Nyoni sananyoze mwambo wa maliro, ndipo ichi n'chimene ndimamulemekezera. Amayi omwewo amene akutseka ana pakamwa ndi omwenso akuwakumbatira ndi kuwaimbira, ndipo woonera amamvetsa kuti chikondi ndi kuphimba mlandu zikutuluka m'mtima umodzi. Mkazi wamasiye, amene ndi wamng'ono kwambiri poyerekeza ndi malemuyo, akuimbidwa mlandu woti sanasamale mwamuna wake, ndipo abale akukonzekera kumulanda katundu, nkhani imene sitifunika kupita ku Zambia kuti tikaimve. Nkhanga ya pa mutu wa filimuyi ndi mbalame ija imene imachita phokoso ikaona chilombo kuti zinzake zithawe. Zofooka zilipo ndithu. Maloto ndi zithunzi zophiphiritsa zimene zalowetsedwa pakati nthawi zina zimachotsa munthu m'nyumba ya maliro ija pa nthawi imene mtima wayamba kumene kugwidwa, ndipo amuna a m'nkhaniyi ambiri ndi mithunzi chabe, osapatsidwa mpata woti timve chimene chili m'mitima yawo. Koma ngakhale ndikudandaula choncho, sindinamvepo filimu ina imene inagwira kamvekedwe ka maliro a kuno monga iyi.

Za mafilimu athu a ku Malawi ndimalankhula mosamala, chifukwa ndikudziwa kuti amene amawakonza amachotsa ndalama m'thumba mwawo, m'dziko limene nyumba zoonetsera kanema ndi zowerengeka. Shemu Joyah, amene ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo, anatipatsa nkhani ya msodzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi amene moyo wake ukusokonezedwa ndi kuchepa kwa nsomba ndi kubwera kwa alendo odzaona malo mu The Last Fishing Boat ya mu 2012, kenaka nkhani ya amayi awiri oyendayenda a mu Blantyre mu The Road to Sunrise ya mu 2017, imene inapambana mphotho ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa ku Lagos mu 2018 ndipo inakhala yoyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula anali atapambana kale mphotho ya ku Lagos yomweyo mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe, ndipo Gift Sukez Sukali anatsatira ndi Fatsani, ya mtsikana wogulitsa malonda m'misewu. Mphamvu ya anthu amenewa ndi yoti safunika wowauza momwe minibasi imaimira, momwe mlamu amalowera m'nyumba, kapena momwe mwana amalandirira chinthu kwa wamkulu.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuona kuti m'mafilimu ambiri a kuno, makamaka amene akudzaza pa YouTube ndi pa wailesi za kanema, khutu ndilo limamanidwa koposa. Ndinapitako ku holo ina kukaonera filimu yatsopano ya achinyamata, zithunzi zake zinali zokongola zedi, koma pa chochitika chachikulu, pamene mwana akuulula kwa mayi ake kuti ali ndi pakati, mphepo inkawomba m'maikolofoni, kiyibodi inkalira pamwamba pa mawu, ndipo mayi amene anakhala pafupi nane ankangofunsa mwana wake kuti, "Wati chiyani?" Ndalama zonse zinathera ku kamera, ndipo munthu wogwira mawu anali woganiziridwa pomalizira. Vuto lina ndi lolemba zokambirana m'Chingerezi cha m'kalasi kwa anthu amene m'moyo weniweni akanakangana m'Chichewa, zimene zimachititsa kuti wosewera waluso aziyenda ngati wavala nsapato za mwini. Ndipo pali chizolowezi chimene tinatengera ku masewero ophunzitsa za umoyo ndi chitukuko, choti pofika kumapeto wina aimirire n'kulalikira phunziro la nkhaniyo, ngati kuti woonera sanali pomwepo.

Nkhani ya lilime ndinaionanso pa filimu ya sewero ya mu 2024 yonena za Bob Marley, imene inatenga zaka za 1976 mpaka 1978, kuyambira pamene anawomberedwa ku Kingston, kudzera nthawi imene anakhala ku London, mpaka kubwerera kwake kwawo. Kingsley Ben-Adir, amene anasewera ngati Marley, ndi wa ku Britain, koma okonza filimuyi sanafewetse kalankhulidwe ka ku Jamaica pofuna kusangalatsa alendo, ndipo pamenepo anachita bwino. Chofooka chake n'chakuti mkazi wa malemuyo ndi ana ake anali m'gulu la eni filimu, choncho mbali zovuta za moyo wake zinangokhudzidwa pamwamba. Limeneli ndi vuto lofala pa mafilimu a oimba, a masewero ngakhalenso a mbiri yeniyeni, chifukwa amene ali ndi umwini wa nyimbo ndi amene ali ndi kiyi, ndipo filimu ya woimba yopanda nyimbo zake siingayende. Ezra Edelman anatha zaka akukonza filimu ya maola asanu ndi anayi yonena za woimba wa ku America, Prince, koma mu 2025 zinalengezedwa kuti sidzaonetsedwa, oyang'anira chuma cha malemuyo atakana kugwirizana nayo.

Pa mafilimu a mbiri yeniyeni ya nyimbo, imene ndimabwererako kawirikawiri ndi Summer of Soul ya mu 2021, yokonzedwa ndi woimba ng'oma Questlove, imene inapambana Oscar mu 2022. Mu 1969, chaka chomwe kunachitika chikondwerero chotchuka cha nyimbo cha Woodstock, ku Harlem mu mzinda wa New York kunali chikondwerero cha nyimbo cha anthu akuda chimene chinachitika masabata angapo, ndipo kunaimba Stevie Wonder, Nina Simone, Mahalia Jackson, B.B. King ndi Hugh Masekela wa ku South Africa, amene pa nthawiyo anali kunja kwa dziko lake chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Hal Tulchin anajambula zonsezo, pafupifupi maola makumi anayi, koma matepiwo anakhala osungidwa zaka pafupifupi makumi asanu osapeza wowagula. Questlove ndi woimba, ndipo zimenezi zimamveka m'kalumikizidwe ka zithunzi, chifukwa amadziwa pamene ng'oma ikufuna kupuma. Pamene Mahalia Jackson akupatsira maikolofoni Mavis Staples kuti aimbe limodzi nyimbo ya Mulungu imene Martin Luther King ankaikonda, patangotha chaka chimodzi iye ataphedwa, palibe amene akulowerera ndi ndemanga, ndipo mawu a amayi awiriwo akukwera mpaka thupi kuchita tsembwe.

Nzeru ina imene ndinaikonda ndi yoika anthu amene analipo tsikulo, tsopano ali ndi imvi, patsogolo pa kanema kuti adzione okha ali achinyamata. Oimba Marilyn McCoo ndi Billy Davis Jr. akudziyang'ana akuimba, maso ali ndi misozi, ndipo nkhope zawo zikunena zimene katswiri wa mbiri sakanatha kunena. Filimuyi ikuonetsanso kuti tsiku limene munthu anaponda pa mwezi, pa 20 Julaye 1969, anthu a ku Harlem atafunsidwa ankayankha kuti ndalama zimenezo zikanadyetsa osauka. Komabe ngakhale filimu yabwino chotere ili ndi matenda a mtundu wake. Nyimbo zambiri zimadulidwa pakati kuti wina afotokoze tanthauzo lake, ndipo pamene woimba wangoyamba kutentha, chithunzi chimasamukira kwa munthu wokhala pampando m'chipinda chozizira. Ndinawerengapo m'mtima kangati pamene ndinafuna kunena kuti akanangodikira mphindi imodzi yokha. Woimba amamanga nyimbo ngati nyumba, kuyambira pa maziko mpaka denga, ndipo kuidula pa zenera n'kusamulemekeza.

Searching for Sugar Man ya mu 2012 ili ndi vuto la mtundu wina, lofanana ndi madzi aja a ku Wimbe. Ikufotokoza za Sixto Rodriguez wa ku Detroit, amene anatulutsa zimbale ziwiri mu 1970 ndi 1971 zimene sizinagulidwe kwawo, koma zinatchuka kwambiri ku South Africa iye osadziwa, mpaka kunamveka mphekesera zoti anadzipha. Anthu awiri okonda nyimbo zake anamufunafuna, anamupeza ali moyo akugwira ntchito za manja, ndipo mu 1998 anakaimba ku Cape Town pamaso pa chikhamu chimene chinkamuyesa wakufa. Malik Bendjelloul anaikonza mwaluso ngati nkhani yofufuza munthu wotayika, ndipo inapambana Oscar mu 2013. Koma filimuyi sinanene kuti Rodriguez anali wodziwika ku Australia ndipo anakaimbako mu 1979 ndi 1981, chifukwa mfundo imeneyo ikanachepetsa chozizwitsa. Sinafike nalo patali funso la kumene ndalama za zimbale zake zinkapita, ndiponso sinakhalitse pa mfundo yoti omukonda ambiri ku South Africa anali azungu, pa nthawi imene oimba akuda a m'dzikomo ankavutika pansi pa malamulo a tsankho. Filimu imene ikudzitcha yoona ikabisa mfundo pofuna kukometsa nkhani, mlandu wake ndi waukulu kuposa wa sewero.

Kufupi ndi kwathu kuno, filimu ya Gio Arlotta ya mu 2019 yonena za gulu la WITCH la ku Zambia inachita ntchito yofunika pokumbutsa dziko za Zamrock, nyimbo za magitala amagetsi zimene zinakula m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Kuona Emmanuel Jagari Chanda, amene anzake ambiri anamwalira ndipo iye anatembenukira ku ntchito yokumba miyala ya mtengo wapatali, akubwerera pa nsanja ali ndi mphamvu zake zonse, ndi chinthu chokoma mtima. Chimodzimodzinso filimu yaifupi ya David Darg ya chaka chomwecho yonena za Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga yekha, inafikitsa kutali uthenga wa kuphedwa ndi kusakidwa kwa anthu achialubino. Koma mafilimu awiriwa ali ndi mapangidwe amodzi amene ayamba kunditopetsa, oti nkhani imayamba pamene mlendo wafika n'kumupeza woimbayo, ndipo imafika pachimake pamene woimbayo wavomerezedwa ndi anthu a kunja kapena wakwera pa nsanja yaikulu. Anthu amene ankaponya makobidi m'mbale ya Lazarus pa msika, kapena amene ankavina WITCH m'mabwalo a ku Kitwe, anali atamva kale chimene mlendoyo anadzamva pambuyo pake. Ndikanakonda kumva zambiri kwa iwo, ndiponso kumva woimbayo akufotokoza momwe amachunira nsambo zake, osati za mavuto ake okha.

Soundtrack to a Coup d'Etat ya Johan Grimonprez wa ku Belgium, ya mu 2024, inayesa njira yolimba mtima kwambiri, yofotokoza kugwetsedwa ndi kuphedwa kwa Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Congo, pa 17 Januwale 1961 kudzera m'nyimbo za jazi. Ikuonetsa momwe boma la America linatumizira Louis Armstrong ku Congo mu Okutobala 1960 ngati kazembe wa chimwemwe pa nthawi imene chiwembu chinali kuphikidwa, ndiponso momwe Abbey Lincoln ndi Max Roach analowera nawo m'zionetsero ku likulu la United Nations Lumumba ataphedwa. Muno nyimbo si zokongoletsa, koma ndizo zikuyendetsa mbiri. Vuto lake ndi kulemera, chifukwa m'maola awiri ndi theka woonera akuyenera kuwerenga mawu ochuluka olembedwa pa chithunzi uku lipenga likulira, ndipo oimba a ku Congo komweko, monga Joseph Kabasele, akumveka koma malo awo ndi ochepa poyerekeza ndi a ku America.

Mafilimu onsewa amadalira chinthu chimodzi, choti wina anasunga tepi. Wailesi ya kanema inayamba mochedwa ku Malawi, mu 1999, ndipo izi zikutanthauza kuti Allan Namoko, amene anamwalira mu 1995, anaimba moyo wake wonse dziko lake lilibe kanema wake, pamene Evison Matafale anamwalira mu Novembala 2001, kanemayo ali ndi zaka ziwiri zokha. Lucius Banda anatisiya mu Juni 2024, ndipo amene anaimba naye kuyambira ku Balaka akadali ndi zambiri zoti anene. Pamene nyimbo ya Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, inafalikira pa TikTok ataimba ndi Patience Namadingo, achinyamata a m'mayiko akutali anavina osadziwa kuti gogoyo wakhala akuimba kuyambira nthawi ya atsamunda. Zithunzi zoyenda za Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald a ku Chileka tili nazo chifukwa Gerhard Kubik wa ku Vienna anakumana nawo mu 1967 n'kuyamba kuwajambula.

Tsiku loti mayi abwerera mawa kumudzi, ndinawapezera pa intaneti kachidutswa kamodzi ka Daniel Kachamba akuimba gitala. Mawu ake anawazindikira nthawi yomweyo, chifukwa ankawamva pa wailesi ali mtsikana, koma nkhope yake anali asanaionepo, ngakhale kuti woimbayo anamwalira kalekale mu 1987. Anasendera pafupi ndi kompyuta, n'kumayang'anitsitsa chala chachikulu chikugunda nsambo za mawu aakulu pamene cholozera chikutola nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono. Panalibe wofotokoza, panalibe mawu olembedwa m'munsi, ndipo chithunzicho chinali chosaoneka bwino. Nyimbo itatha ndinafuna kutseka kompyuta, koma anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tabwezanso, mwanangu, ndinali ndisanaone momwe amagwirira." Ndinabweza katatu, ndipo ulendo wachitatu anayamba kuimba nawo chapansipansi.